Amuna anga akuwaitana kukayesa mankhwala osiyira kokeni, ndiwalole?

Uthenga uwu wachokera kwa mayi wina yemwe sanafune kuti dzina lake lioneke, ndaufupikitsa pang'ono.

"Adokotala ndithandizeni. Amuna anga anayamba kokeni zaka zinayi zapitazo, poyamba amati nza pa wikendi basi ndi anzawo akuntchito, pano zafika poti malipiro akangolowa masiku awiri sitiwaona, akabwera amagona tsiku lonse nkudzuka ndi ukali. Asiyapo kangapo, ulendo wina anatha miyezi iwiri koma anabwereranso. Tsopano ku kiliniki komwe amakaonana ndi aphungu awauza kuti kuli kafukufuku woyesa mapilisi ena ake othandiza kusiya kokeni, ndipo atha kulowa nawo ngati akufuna. Iwo akufuna, ine mantha. Si ndiye kuti akukawasandutsa makoswe a mu labu? Komanso akuti ena adzapatsidwa mapilisi abodza opanda kanthu mkati, nde phindu lake nchani? Ngati mankhwalawo alipo kale bwanji osangotilembera tikagule? Ndaona pa intaneti akugulitsa modafinil, ndimaganiza zogula nkumawaikira mu chakumwa mwakachetechete."

Mayi pepani ndi zomwe mukukumana nazo, ndipo mwachita bwino kufunsa musanagule kanthu. Mu uthenga wanumu muli zinthu zabwino zomwe mwina inu simukuziona chifukwa chotopa: bambowo amapita okha kwa aphungu, anathapo miyezi iwiri osakhudza, ndipo kafukufukuyu akumufuna okha popanda wowakankha. Pa anthu omwe ndakhala ndikuwaona pa ntchito yangayi, ofika poterewa ndi omwe timakhala nawo ndi chiyembekezo. Kubwereranso kuja sikutanthauza kuti zonse zinalowa m'madzi ayi, kokeni ndi momwe amachitira, ambiri omwe lero anasiyiratu anagwapo kangapo asanaime bwinobwino. Zowaikira mu chakumwazo zokha chonde zisiyeni, ndikuuzani chifukwa chake kutsogoloku.

Ndiyambe ndi funso lanu loti bwanji osangokulemberani mukagule, chifukwa ena onsewo akutsamira pamenepo. Mpaka lero kulibe mankhwala olo amodzi omwe anavomerezedwa kuti ndi ochiza chizolowezi cha kokeni, kaya ndi a FDA, bungwe loona za mankhwala ku America, kaya ndi oona za mankhwala ku Ulaya. Wa heroin ali ndi methadone ndi buprenorphine, wa mowa ali ndi naltrexone, acamprosate ndi disulfiram, wa fodya ali ndi varenicline ndi tomatamata ta nicotine tapakhungu tija. Wa kokeni alibe. Sikuti anthu akhala akugona, kuyambira m'ma 1980 mankhwala ayesedwa ambirimbiri koma palibe omwe anapambana mokwanira moti dokotala aliyense nkumangolemba. Nde kafukufuku amene akuitanira amuna anuyo akuchitika chifukwa yankho silinapezeke, sikuti pali pilisi lomwe akukubisirani. Munthu akakuuzani kuti ali ndi mankhwala otsimikizika othetsa kokeni, ameneyo akufuna ndalama zanu basi.

Kuti mumvetse chifukwa chomwe zavutira chonchi tione kaye zomwe kokeni amachita m'mutu. Muubongo muli kanthu kotchedwa dopamine, maselo amakatulutsa munthu akapeza chomukomera, ndipo ntchito yake ndi kuuza ubongo kuti ichi nchofunika, uchikumbukire, mawa ukachifunenso. Dopamine akatuluka sakhalitsa panja, pali tizipata tomwe amabwererapo kulowa m'selo lomwe lamutulutsa. Kokeni amatseka tizipatato. Zimakhala ngati ngalande yatsekeka mvula ili mkati, madzi amangosefukira ponseponse. Munthu amamva mphamvu, tulo kuthawa, njala kuthawa, kudziona kuti palibe chomulaka, koma kwa kanthawi kochepa zedi, wokokera m'mphuno mphindi 15 mpaka 30, wosuta wa timiyala uja amati crack mphindi 5 mpaka 10 basi. Zikangotsika amafuna wina pompopompo, ndi momwe masiku awiri mukunenawo amathera, sikuti akusangalala masiku onsewo ayi, akuthamangitsa kukoma komwe kukungowapulumuka. Ubongo nawo ukaona kuti dopamine wanyanya umadziteteza, umachepetsa malo omulandirira, mapeto ake zinthu wamba monga kucheza ndi ana, kudya, ngakhale za m'banja zimasiya kukoma. Chinanso ubongo umasunga zonse zomwe zinalipo pomwe kokeni amalowa, nyimbo yake, msewu wake, mnzawo uja, meseji ya ku banki yoti malipiro alowa. Chibaba chimadzuka ndi zimenezo munthu asanaganize nkomwe.

Ndiye mupanga pilisi lotani? Heroin ndi wosavutirapo chifukwa ali ndi malo akeake omwe amakakhala muubongo, mukaikapo methadone yemwe amalowa pang'onopang'ono nkukhalitsa tsiku lonse munthu amakhazikika. Kwa kokeni njira zazikulu zilipo ziwiri ndipo zonse nzovuta. Mukati titseke dopamine kuti kokeni asamakome, mwatsekanso kukoma kwa china chilichonse, munthu amamwa masiku ochepa nkutaya botolo, ndipo mankhwala a misala omwe amatseka dopamine atayesedwa sanathandize. Mukati timupatse china chofananako ndi kokeni koma chofatsa, nde kuti mukupereka mankhwala omwe nawonso munthu atha kuwazolowera, komanso amathamangitsa mtima womwe kokeni wautopetsa kale. Madokotala ali ndi chifukwa choopera, zinachitikapo. Mu 1884 Sigmund Freud ku Vienna ankatama kokeni yemweyu kuti ndi mankhwala osiyitsa morphine, anapatsa mnzake yemwe anali atakodwa ndi morphine, mnzakeyo anathera kukodwanso ndi kokeni. Kuyesa mwadongosolo komwe kukukuopsaniku kunabwera kudzaletsa zoterezi, zoti dokotala wotchuka waona ngati zagwira pa anthu awiri atatu basi wayamba kugawa.

Titenge modafinil yemwe mwamuona pa intanetiyo, chifukwa nkhani yake ndi yofanana ndi ya mankhwala ambiri a kokeni. Awa ndi mankhwala a anthu odwala narcolepsy, matenda ongogwidwa tulo masana. Mu 2005 Charles Dackis ndi anzake ku University of Pennsylvania anawayesa pa anthu 62 kwa masabata 8, ndipo omwe ankamwa modafinil anapereka mkodzo wopanda kokeni kambiri kuposa omwe ankamwa mapilisi abodza aja, omwe amati placebo. Chiyembekezo chinakwera. Kenako anabwereza pa anthu 210 m'zipatala zingapo, zotsatira zinatuluka mu 2009, kusiyana kuja osaonekanso. Atafukula bwinobwino manambala anaona kuti mwina amathandizako okhawo omwe alibe vuto la mowa. Mwaona eti? Si kuti ndi achabechabe koma si a aliyense, ndipo wogulitsa pa intaneti sakufunsani ngati bambo amamwa mowa, iye bola mwalipira.

Komwe zaonekako bwino ndi ku njira yachiwiri ija ya mankhwala ofananako ndi kokeni. Ku Netherlands anatenga anthu 73 osuta crack kwa zaka zambiri, oti chithandizo china chinali chitakanika ndipo anali kale pa chithandizo cha heroin, theka anawapatsa dexamfetamine wosungunuka pang'onopang'ono, mamiligalamu 60 patsiku kwa masabata 12. Pa masiku 84 amenewo omwe ankamwa mankhwala enieni anasuta masiku pafupifupi 45, a placebo pafupifupi 61. Zinatuluka mu magazini ya zachipatala ya The Lancet mu 2016. Taonani bwino manambalawo mayi, anthuwa sanasiye, anachepetsa. Kwa ine dokotala masiku 16 si masewera, ndi masiku omwe mtima wapumako, koma kwa mayi yemwe akudikira kuti mwamuna wake asiyiretu ndi nkhani ina. Komanso aja ankamwera mankhwalawo pamaso pa achipatala, sankapita nawo kunyumba kukadzimwera momwe afunira. Ku America Frances Levin ndi gulu lake la ku Columbia University anaphatikiza amphetamine wotereyu ndi topiramate, mankhwala a khunyu, pa anthu 127 ogwiritsa ntchito kokeni pafupipafupi, ndipo mu 2020 anapeza kuti anthu 14 pa 100 alionse anatha masabata atatu omaliza osakhudza, pomwe ku gulu la placebo kunalibe olo mmodzi. Ndi umboni wabwino ndithu, koma 14 pa 100 ndiye kuti 86 sanafike.

Ena ndingodutsamo. Ma antidepressant, mankhwala a matenda okhumudwa aja, ayesedwa kambirimbiri ndipo ambiri sanachite kanthu pa kokeni, kupatula bupropion yemwe amaonetsako pang'ono. Disulfiram wa mowa uja pena amaoneka ngati wathandiza pena ayi, topiramate payekha chimodzimodzi. Koma ya katemera ndiyo imandimvetsa chisoni chifukwa nzeru yake inali yapamwamba. Thomas Kosten ndi anzake anayesa katemera wotchedwa TA-CD, woti thupi lipange asilikali ogwira kokeni m'magazi asanafike kuubongo. Mu kafukufuku wa 2009 wa anthu 115, mwa omwe anabayidwa katemera weniweni ndi 38 okha pa 100 alionse omwe matupi awo anapanga asilikali okwanira, ndipo ena ataona kuti kokeni sakukomanso anangowonjezera mlingo kuti apyole katemerayo, zomwe ndi zoopsa kuposa poyamba. Atabwereza pa anthu 300, zotsatira za 2014 zinaonetsa kuti katemerayo sanapose placebo.

Yemwe anthu akumukamba masiku ano ndi ketamine, mankhwala ogonetsera anthu pa opareshoni. Elias Dakwar ku Columbia komweko anayesa dripi imodzi yokha pamodzi ndi uphungu wa masabata asanu pa anthu 55, ndipo mu 2019 analemba kuti pafupifupi theka la omwe analandira ketamine anatha masabata awiri omaliza osakhudza, pomwe gulu linalo anali 11 pa 100. Manambala okoma, koma 55 ndi anthu ochepa, modafinil naye anayamba chonchi, ndipo ketamine nayenso anthu amakodwa naye. Mu 2023 mabungwe awiri a madokotala a ku America oona za zizolowezi, ASAM ndi AAAP, anatulutsa malangizo oti dokotala wodziwa bwino ntchitoyi atha kuganizira bupropion, modafinil, topiramate kapena amphetamine uja kwa odwala ena atawaunika mmodzimmodzi. Koma chomwe anachiika pamwamba pa zonse si pilisi, ndifika pamenepo.

Tsopano za makoswe a mu labu. Mantha anuwo ndi omveka, mbiri ya kafukufuku pa anthu ili ndi zonyansa zake, nchifukwa chake kuyambira 1964 pali mfundo za Helsinki zomwe madokotala padziko lonse anagwirizana, ndipo phata lake ndi loti munthu salowetsedwa mu kafukufuku asanauzidwe zonse nkuvomera yekha. Mankhwala asanafike poyesedwa pa odwala amakhala atadutsa kale pa nyama ndi pa anthu ochepa kuona ngati sakupweteka, ndipo ambiri omwe amayesedwa pa kokeni ndi akalekale omwe anthu ochuluka akumwa kale pa matenda ena, chachilendo ndi ntchito yatsopanoyi basi. Kafukufuku weniweni amakhala wovomerezedwa ndi komiti yoteteza olowa nawo yomwe si ya ofufuzawo, amakhala wolembetsedwa pa kaundula wapoyera ngati ClinicalTrials.gov pomwe inu nomwe mutha kukamuona mutapatsidwa nambala yake, ndipo munthu salipira kuti alowe. Akangotchula zoti mulipire, nyamukani.

Zomwe bambo akakumane nazo zimakhala chonchi. Tsiku loyamba kulibe pilisi, ndi mafunso ndi kupima basi, BP, magazi oonera chiwindi ndi impso, ECG ija amamata timawaya pachifuwa, mafunso a mowa, a khunyu, a maganizo ofuna kudzipha. Ambiri amabwezedwa pomwepo ndipo si chipongwe, ndi kuwateteza. Akadutsa amapatsidwa fomu yaitali yoti awerenge asanasayine, apemphe kubwera nayo kunyumba muwerengere limodzi modekha. Kenako kompyuta ndi yomwe imasankha gulu, dokotala sadziwa, namwino sadziwa, makapisozi amafanana mtundu ndi kukula komwe. Amapita kawiri kapena katatu pa sabata kukasiya mkodzo m'kabotolo, chifukwa chotsalira cha kokeni chotchedwa benzoylecgonine chimaoneka mu mkodzo masiku awiri mpaka anayi, nde mukapima katatu pa sabata palibe pobisala. Makafukufuku ena amaika vitamini riboflavin m'kapisozi momwemo, mkodzo ukaunikidwa ndi nyali ya UV umawala, pamenepo amadziwa kuti munthu akumwadi kapena akungoponya mu bini. Nthawi zambiri zonsezi zimatenga masabata 12. Ndipo tsiku lomwe bambo anene kuti ndatopa nazo amatuluka, sakakamizidwa kulongosola, chithandizo chawo cha ku kiliniki chimapitirira ngati kale.

Nanga akagwera ku placebo ndiye kuti ataya nthawi? Apa ndimasiyana maganizo ndi achibale ambiri. Popeza mankhwala otsimikizika kulibe, wa placebo sanamanidwe chilichonse chomwe akanachipeza kwina. Ndipo taonani zomwe amapezabe, uphungu sabata ndi sabata, anthu omuyembekezera katatu pa sabata omwe amamuimbira foni akajomba, mtima kupimidwa, mkodzo kupimidwa. Kwa munthu yemwe sabata yake inkangozungulira pa kokeni, kungokhala ndi kopita Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu kumasintha zinthu. Ndaonapo anthu akusintha kwambiri mkati mwa kafukufuku, kumapeto nkudzamva kuti ankamwa zopanda kanthu. Ndipo pakanapanda gulu la placebo sitikanadziwa kuti katemera uja sagwira, bwenzi pano anthu akubayitsa nkumadzinamiza kuti atetezeka.

Safunsa anadya phula, nde ngati bambo alola pitani nawo mukafunse nokha. Mankhwalawo dzina lake ndi chani, anayesedwapo kale pa anthu angati? Mwayi wogwera ku placebo ndi wotani? Zikavuta usiku tiimbira ndani, ndipo akadwala chifukwa cha mankhwalawo alipira chipatala ndani? Zotsatira za mkodzo amaziona ndani, zingafike kuntchito kapena kupolisi? Ndiye pali funso lomwe anthu amaliiwala koma kwa ine ndi lalikulu kuposa onse, masabata 12 akatha kenako chani? Chifukwa ambiri amagwa pamenepo, mafoni aja asiya, kopita Lachitatu kulibenso, mankhwala ngati amathandiza atha. Kafukufuku wabwino amakhala ndi yankho lomveka la komwe munthu apite akamaliza.

Dzina la mankhwala ndalitchula poyamba chifukwa kuopsa kwake kumasiyana. Amphetamine amakweza BP, amathamangitsa mtima, amalanda tulo, ndipo kwa ena amadzutsa zokayikira anthu ndi kumva mawu. Bupropion atha kuyambitsa kugwa ngati khunyu, ndipo kokeni naye amachita zomwezo, nde ngati bambo anagwapo akanene. Topiramate amachititsa dzanzi m'zala, munthu kusowa mawu ali mkati molankhula, pena timiyala mu impso, ndipo diso likayamba kupweteka nkumaona mwachimbuuzi ndi zothamangira nazo kuchipatala tsiku lomwelo. Disulfiram akakumana ndi mowa olo pang'ono ndi kusanza, nkhope kutentha, mtima kugunda koopsa. Kwa azimayi omwe akuwerenga, modafinil ndi topiramate amafooketsa mapilisi olera, ndipo topiramate atha kuvulaza mwana ali m'mimba. Za mowa bambo akanene zoona, asachepetse dala kuti awatenge. Mowa ndi kokeni zikakumana m'chiwindi zimapanga chinthu china chotchedwa cocaethylene chomwe chimakhalitsa m'thupi kuposa kokeni ndipo chimapweteka mtima kwambiri, komanso kwa anthu ambiri botolo lachiwiri ndi lomwe limaimba foni kwa wogulitsa.

Tsopano chija ndinati chili pamwamba pa mapilisi onse. Chithandizo chomwe chili ndi umboni wamphamvu kwambiri pa kokeni amachitcha contingency management, ndipo mukachimva koyamba mutha kuseka. Munthu amasiya mkodzo, ukapezeka wopanda kokeni amalandira kuponi pompo, ya ndalama zochepa, yokagulira zinthu. Ulendo wotsatira ukakhalanso wopanda, kuponi imakwera, nkumangokwerabe, koma akangopezeka ndi kokeni kamodzi imabwerera poyambira. Stephen Higgins ku Vermont ndi yemwe anayamba kuyesa zimenezi pa kokeni cha mu 1991, ndipo mu 2018 ofufuza ataunika pamodzi makafukufuku 50 a chithandizo chopanda mankhwala, njira imeneyi ndi yomwe inatsogola, makamaka ikaphatikizidwa ndi uphungu womuthandiza munthu kukonza za ntchito, za banja ndi zochita pa nthawi yopuma. Achibale amati aaa adokotala, mpaka kumulipira munthu kuti asiye zoipa zake zomwe? Ine ndimati kokeni amalipira pompopompo, pomwe kusiya kumalipira pakatha chaka, ndipo ubongo womwe wakodwa umamva za pompo zokha. Kuponi ija imabweretsa phindu la kusiya kuti lifike lero. Vuto lake ndi loti makuponi akatha ena amabwerera, komanso si kiliniki iliyonse yomwe ili nazo, koma funsani. Ngati kafukufuku akuwaitanirayo ali ndi zimenezi mkati, kwa ine chimenecho chokha ndi chifukwa chokwanira cholowera olo atagwera ku placebo.

Nde mukandifunsa kuti alowe kapena ayi, ine ndikuti ngati mayankho a mafunso aja ali omveka ndipo mtima wapimidwa uli bwino, alowe, koma asasiye aphungu awo ndipo nonse musaike mtima wonse pa kapisozi. Mwafunsa kuti ndiwalole, koma siginecha ndi yawo mayi, ndipo ndi bwino kuti zikhale choncho, munthu amalimbikira chinthu chomwe wasankha yekha.

Zowaikira mobisa zija. Mapilisi a pa intaneti simudziwa kuti mkati muli chani, mtima wa bambo simunaupime, ndipo mukhala mukuwonjezera chothamangitsa mtima pamwamba pa kokeni iwo osadziwa. Modafinil mwa apo ndi apo amatulutsa zidzolo zoopsa zosupula khungu, zikayamba iwo sadzadziwa choti auze dokotala. Akakhala kuti alowa kafukufuku nde zafika poipa, mankhwala awiri osadziwana m'thupi limodzi. Ndipo tsiku lomwe adzatulukire, inu simudzakhalanso munthu yemwe angamuuze kuti ndagwanso, pomwe munthu ameneyo ndi yemwe akumusowa kwambiri. Mukamafufuza pa intanetipo mukumananso ndi ibogaine, wochokera ku mizu ya chitsamba cha iboga, omwe amamutsatsa amati kumwa kamodzi chizolowezi chatha. Ameneyu amasokoneza kagundidwe ka mtima ndipo anthu afa naye, musayerekeze.

Komwe inu mungathandize kwenikweni ndi pa malipiro paja, mwatchula nokha kuti vuto limayambira pomwepo. Mugwirizane iwo ali bwinobwino, osati chibaba chitawagwira kale, kuti tsiku la malipiro ndalama zizipita kuti, khadi la ku banki lizikhala ndi ndani, madzulo a tsikulo azikhala kuti komanso ndi ndani. Chikhale chogwirizana osati cholanda, mukalanda mwasanduka wapolisi m'nyumba mwanu momwe ndipo amangophunzira kubisa. Kugona kuja nkudzuka ndi ukali ndi thupi likutsika, masiku oyamba kumakhala tulo tambiri, njala yosaneneka, kukhumudwa, pena maloto oti akugwiritsa ntchito kokeni mpaka kudzuka ali thukuta, zimenezo zimachepa pakapita masabata ngakhale chibaba chimabwerabwera kwa miyezi. Kusiya kokeni sikuopseza thupi ngati momwe kusiya mowa mwadzidzidzi kumachitira, kuopsa kwake kuli m'maganizo. Akayamba kulankhula zoti bola kufa, zoti inu ndi ana mungakhale bwino iwo kulibe, musati ndi zolankhula chabe, apite kwa dokotala tsiku lomwelo ndipo musawasiye okha. Ukali uja ukafika poopseza kapena kumenya, chitetezo chanu ndi cha ana chiyambe, matenda si chilolezo. Inunso pezani wolankhula naye, aphungu ambiri amaonanso achibale paokha.

Pali zina zosadikira kuti kuche, kaya ali mu kafukufuku kaya ayi. Chifuwa kupweteka kapena kuthina, kubanika, mutu kuwawa mwadzidzidzi koposa kale lonse, pakamwa kupotoka, mkono kapena mwendo kufooka, kugwa nkumaphupha, thupi kutentha kwambiri munthu atabalalika, zonsezi ndi za ambulansi, kokeni amabweretsa matenda a mtima ndi sitiroko ngakhale kwa munthu wa zaka 30 yemwe sanadwalepo. Kumbukiraninso kuti kokeni wa mumsewu sakhala yekha. Nthawi zambiri amasakanizidwa ndi levamisole, mankhwala a njoka za m'mimba za ziweto, omwe amagwetsa asilikali a m'thupi nkudetsa khungu makamaka m'makutu, nde malungo osadziwika bwino ndi zilonda m'kamwa ndi zokapimitsa magazi. M'maiko ena, makamaka America ndi Canada, amapezekanso ndi fentanyl, wa mtundu wa heroin koma wamphamvu kwambiri, ndipo munthu akagona osadzutsika, akupuma pang'onopang'ono milomo itada, ndi zofunika naloxone, mankhwala othetsa mphamvu ya fentanyl ndi heroin m'thupi, ndi ambulansi nthawi yomweyo, funsani ku kiliniki ngati angakupatseni naloxone wosunga pakhomo. Mukafika kuchipatala musachite manyazi, nenani mosabisa kuti agwiritsa ntchito kokeni komanso nthawi yake, chifukwa zimasintha mankhwala a mtima omwe dokotala angasankhe. Ngati ali mu kafukufuku nenaninso, ndipo kakhadi komwe ofufuza amapereka kokhala ndi nambala yawo ya foni kazikhala m'chikwama mwa bambo, inu mukajambule pa foni yanu, chifukwa pangozi madokotala atha kuimba kuti auzidwe ngati bambo akumwa mankhwala enieni kapena placebo.